Mtsinje wa Ruo tiziuyeza mu Okutobala

Kwa amene simunabwere Loweruka lapitali, nawa mawu amene mlendo wathu, mphunzitsi wa jogalafe, analankhula pa msonkhano wa kalabu. Tawalemba monga momwe anayankhulira. Werengani, ndipo mugawireko anzanu.

Ndaona ena mwabwera ndi anzanu omwe si mamembala. Mwachita bwino, nkhani ya madzi ilibe mlendo.

Mwandipempha kuti ndilankhule za mtsinje wa Ruo: kumene umachokera, nsomba zake, komanso ngati ungatipatse magetsi. Ndiyambe ndi funso. Kukula kwa mtsinje mumakuona mwezi uti? Ambiri munena kuti Febuluwale, pamene madzi afiira, akusenza nthochi, mbuzi ndi milatho yomwe. Ine ndikuti ayi. Mtsinje weniweni ndi uja umatsala mu Okutobala, dzuwa litaswa mtengo, mvula itatha miyezi isanagwe. Nsomba zimapulumukira m'madzi amenewo. Makina opanga magetsi amadaliranso madzi omwewo. Mukagwira mfundo imeneyi, zina zonse zimene ndinene lero zilowa zokha.

Tiyambe ndi phiri. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002 kuchokera pomwe pamalekeza madzi a m'nyanja yamchere, ndipo m'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Phiri lalikulu chotere laima lokha pakati pa chigwa, ndiye mphepo yachinyezi yochokera ku nyanja ya India ikafika imasowa podzera. Imakwera, ikakwera imazizira, ikazizira imatula mvula. N'chifukwa chake mbali ya kummwera ndi kummawa kwa phiri, kumene kuli minda ya tiyi, kumagwa mvula yambiri kuposa mbali ya ku Phalombe. Ngakhale m'nyengo yozizira, pamene kwina konse kuli gwaa, ife kuno timanyowa ndi chiperoni. Dzina limeneli linachokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mitambo yake imatulukira. Kamvula kameneka timakanyoza chifukwa kamatilepheretsa kuyanika zovala, koma ndi kamene kamathandiza mitsinje yathu kufika mu Okutobala idakali ndi moyo.

Madzi a m'phirimu amagawikana pawiri. Mitsinje monga Phalombe ndi Sombani imalowera kumpoto, kukathira m'nyanja ya Chilwa. Ina yonse imene timaidziwa bwino kunoko, Lichenya, Likhubula, Muloza ndi Thuchila, imakathera mu Ruo. Ruo weniweniyo amayambira pamwamba pa phiri, pa mamita pafupifupi 2,000, n'kugwera m'chigwembe chakuya, n'kutulukira ku minda ya tiyi ya Lujeri. Akakumana ndi Muloza amasanduka malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo amakhala malire kwa makilomita pafupifupi 80. Malire amenewa anawalemba ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano lawo la 1891, koma inu mukudziwa kuti tsidya lino ndi tsidya ilo ndi anthu amodzi, amakwatirana, amagulitsana chimanga, amaikana maliro. Kufupi ndi Sandama, Thuchila amabwera ndi madzi a m'chigwa ndi a ku mapiri a Thyolo ndi Chiradzulu. Ulendo umathera ku Chiromo, kumene Ruo amathira mu Shire. Mwa mitsinje yonse yothira mu Shire, waukulu ndi Ruo.

Tsono taganizirani. Chiromo sakufika ngakhale mamita 100 kukwera kwake. Madzi achoka pa 2,000, afika pansi pa 100. Kutsika konseku ndi mphamvu. Ikabwera pang'onopang'ono ndi chuma. Ikabwera tsiku limodzi ndi Napolo. Akuluakulu akukumbukira za ku Phalombe mu Malichi 1991. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake kufupi ndi Makhanga n'kudzitsegulira ina pakati pa midzi ndi minda. Za Freddy mu Malichi 2023 sindikuuzani ine, ena mwa inu munataya abale, ena nyumba. Paja amati madzi saiwala khwawa.

Pa ulendo wonsewu pali malo amodzi amene ndikufuna muwasunge m'mutu: mathithi a Zoa, m'boma la Thyolo, kumunsi kwa pomwe Thuchila amalowera. Pamenepo Ruo amagwa mamita pafupifupi 60. Ndi mathithi amenewa amene akulumikiza nkhani ya nsomba ndi ya magetsi.

Tiyeni ku nsomba. Kumunsi kwa Zoa, nsomba za mu Ruo ndi zomwezo za mu Shire wa kumunsi ndi Zambezi, chifukwa njira ndi yotseguka. Kumeneko mupeza mphende, mlamba waukuluukulu, ndi mcheni wa mano ngati misomali, uja azungu amati tigerfish. Koma nsomba yochokera kumunsi ikafika pa Zoa, ulendo watha. Singakwere khoma la mamita 60. Ndiye kwa zaka zosawerengeka, nsomba za kumtunda kwa mathithi zakhala zili pazokha, osasakanikirana ndi za kumunsi, komanso osasakidwa ndi mcheni. Banja likakhala kwalokha nthawi yaitali limayamba kukhala ndi nkhope yakeyake, eti? Ndi mmenenso zilili ndi nsomba.

Ndikupatseni zitsanzo. Pali kansomba kofanana ndi matemba kamene akatswiri amakatchula Enteromius choloensis. Mwalimva dzinalo? Choloensis. Likuchokera ku Cholo, mmene atsamunda ankalembera Thyolo, chifukwa n'kumene anakapeza. Palinso timilamba ta m'miyala, totalika ngati chala, tathupi lophwatalala, tomwe timabisala pansi pa miyala pomwe madzi akuthamanga. Mu 2021 akatswiri a nsomba a ku South Africa analengeza kuti kamodzi mwa timeneti, ka mu Ruo, ndi mtundu wakewake, n'kukapatsa dzina lakuti Amphilius leopardus chifukwa cha mawanga ake onga a kambuku. Tangoganizani, 2021, dzana lomweli. Kansomba kamene ana amakagwira ndi manja n'kukaotcha pa tsekera, asayansi anali asanakalembe n'komwe m'mabuku awo ngati mtundu wapaokha. Palinso tina totchedwa Chiloglanis, tomwe pakamwa pake pali ngati kachikho koyamwira. Timakakamira pamwala ngakhale madzi atalimba bwanji, n'kumapala ndere.

Tinsomba timeneti sitingalemeretse munthu pa msika wa Chitakale, zimenezo tisanamizane. Koma ndi mboni. Timafuna madzi ozizira, oyera, othamanga, okhala ndi mipata pakati pa miyala. Matope akadzaza mipatayo, tilibe pobisala, tilibe poikira mazira, ndipo tizilombo ta m'madzi timene timadya timatha. Mukavundukula miyala khumi m'mtsinje wa kwanu osapeza kamlamba, nkhanu kapena kachilombo kalikonse, dziwani kuti mtsinjewo ukudwala, ndipo madzi omwewo ndi amene inu mukumwa. Komanso mtundu umene umapezeka m'mitsinje yathu yokhayi ukatha, watha basi. Kulibe kokautenga.

Pamwamba penipeni pa phiri pali nkhani ina. Kumeneko madzi ndi ozizira kwambiri, ndipo azungu a m'nthawi ya atsamunda anabweretsako nsomba yawo yotchedwa trout, monga anachitiranso ku phiri la Zomba, kuti aziwedza pa tchuthi. Nsomba imeneyi imadya tizilombo ndi tinsomba tina. Phunziro lake ndi lakuti kusamutsa nsomba kuchoka kwina kupita kwina si masewera.

Zimene zikupha nsomba zathu mukuzidziwa kuposa ine. Katupe sasankha, amapha mayi ndi mwana yemwe. Neti ya udzudzu, imene a zaumoyo anatipatsa kuti tigonemo, tikaikoka m'dziwe imasesa ndi mazira omwe. Kulima mpaka m'mphepete mwa madzi kumagwetsa gombe. Kuchapira mapampu opopera mankhwala mumtsinje ndiye kuthira poizoni m'mphika wa mudzi wonse. Ndipo zonsezi zimapweteka kwambiri mu Okutobala, pamene madzi achepa ndipo nsomba zaunjikana m'maiwe ochepa.

Tsopano magetsi, pomwe ndaona ambiri mwakhala tsonga. Magetsi a madzi amafuna zinthu ziwiri zokha: kuchuluka kwa madzi, ndi kutalika kwa pomwe akugwera. Madzi amapatutsidwa pang'ono kumtunda, amayenda m'ngalande, amalowa m'paipi yotsetsereka, ndipo pansi amakamenya gudumu lomwe limazunguza jenereta. Akatero amabwerera mumtsinje. Samatha, samapsa, amangobwereka mphamvu yawo.

Masamu ake ndi osavuta. Diramu lija la malita 200 mukulidziwa. Madiramu asanu ndi malita 1,000. Ngati madiramu asanu akudutsa pa sekondi iliyonse, n'kugwa mamita 100, mumapeza makilowati pafupifupi 700 mutachotsa mphamvu yotayika m'mapaipi ndi m'makina. Babu la mawati 10 mukulidziwanso. Makilowati 700 angayatse mababu otere 70,000. Mwaona ubwino wa mtsinje wa m'phiri? Shire ali ndi madzi ambiri. Ife madzi athu ndi ochepa, koma tili ndi phompho. Madzi ochepa ogwa patali amagwira ntchito yofanana ndi madzi ambiri ogwa pafupi.

Izi si zolota ayi, zikuchitika kale. Esiteti ya Lujeri yakhala ikupanga magetsi ake ndi madzi a m'phiri kuyambira m'nthawi ya atsamunda. Ku Bondo, pa mtsinje wa Lichenya, bungwe la MEGA linaika makina ang'onoang'ono amene akupereka magetsi ku nyumba, kusukulu, kuchipatala ndi ku zigayo, m'midzi imene mawaya a ESCOM anali asanafikeko. Pa Ruo ndi Ndiza, kampani ya Mulanje Hydro inamanga malo opangira magetsi okwana mamegawati pafupifupi 8, omwe amalowa m'mawaya a dziko lonse. Ndipo mathithi a Zoa akhala akutchulidwa kwa zaka zambiri m'mapulani a boma ngati malo amene angapereke magetsi ochulukirapo.

N'chifukwa chiyani dziko likuyang'ana kuno? Chifukwa mazira athu onse ali pa mtsinje umodzi. Nkula, Tedzani ndi Kapichira, malo akuluakulu a EGENCO, onse ali pa Shire. Wovwe ku Karonga ndi wamng'ono. Madzi a m'nyanja ya Malawi atatsika mu 2016 ndi 2017, dziko lonse linakhala mu mdima maola ambirimbiri pa tsiku. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuzima usiku umodzi, ndipo sanabwerere mpaka 2023. Amene mumameta, amene mumawotcherera, amene mumagulitsa mafirizesi, mukukumbukira mmene bizinesi inalili. Choncho magetsi ochokera ku mitsinje ina ndi ofunika ndithu. Ine sindinabwere kudzatsutsa zimenezo. Mtsikana amene akuwerengera mayeso pa kandulo, mayi amene akuchira usiku azamba akuunikira ndi tochi ya foni, amenewo akufunika magetsi lero, osati mawa.

Koma bwererani ku funso langa loyamba lija. Makina a pa mtsinje wa m'phiri alibe nyanja yosungira madzi ngati Shire. Amadya zimene mtsinje wabweretsa tsiku limenelo. Madiramu asanu aja akatsika kufika pa limodzi mu Okutobala, makilowati 700 amasanduka 140. Ndiye pa nthawi yamvula vuto limatembenuka: madzi amabwera ndi mchenga ndi miyala, zimene zimatseka ngalande ndi kudya gudumu la makina. Phiri lopanda mitengo limapereka zoipa zonse ziwiri, chigumula mu Febuluwale ndi chilala mu Okutobala.

Ndifotokoze bwino pamenepa. Nkhalango ndi udzu wa pamwamba pa phiri zili ngati chinkhupule. Mvula ikagwa, masamba, mizu ndi dothi lofewa zimaigwira, madzi n'kulowa pansi, n'kumatuluka pang'onopang'ono m'akasupe kwa miyezi. Mukadula mitengo n'kutentha udzu, madzi a chaka chonse amatsika m'masabata ochepa. Phiri la Mulanje linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma lero mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene mwachilengedwe umamera m'phiri lino lokha, waukuluukulu watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. M'munsimu nkhwangwa ya makala ikukwera chaka ndi chaka. Ndikudziwa, wootcha makala si mfiti, ndi munthu amene akufuna ufa. Ena ndi abale athu, mwina ena muli momwemuno. Koma thumba lililonse lotsika m'phiri likutsika ndi madzi a mu Okutobala.

Palinso mbali ina imene anthu salankhula kawirikawiri. Pakati pa pomwe madzi apatutsidwira ndi pomwe abwerera mumtsinje, pamakhala chigawo chimene madzi amachepa. M'dzinja palibe vuto. Koma m'chilimwe, ngati mwini makina atenga madzi onse kuti magetsi asatsike, chigawo chimenecho chimauma, timilamba tija timafa, ndipo amayi a pamenepo amasowa potunga. N'chifukwa chake polojekiti yabwino imasiya gawo la madzi kuti liziyenda mumtsinje nthawi zonse.

Za Zoa ndiye pafunika maso anayi. Choyamba, pamenepo mtsinje ndi wa mayiko awiri, tsono a ku Mozambique ali ndi mawu. Chachiwiri, kwina anthu akamanga damu amaikapo makwerero a nsomba kuti zizitha kukwera, ndipo n'zabwino. Koma pa Zoa zimenezo zingakhale tsoka, chifukwa khoma lija ndi limene lateteza nsomba za kumtunda. Mcheni ukangopeza njira yokwerera, tinsomba tathu tasanduka ndiwo. Nkhawa yomweyi inalipo pa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya ku Chikwawa, yomwe anaikonza kuti izitenga madzi pa Kapichira, moti m'mapulani ake anaikamo chotchinga kuti mcheni wa kumunsi usapeze njira yopita ku nyanja ya Malawi.

Nanga inu mungachitepo chiyani? Ndili ndi zinthu zitatu.

Choyamba, muziyeza mtsinje. Sankhani kamtsinje kamodzi kapafupi, kosazama, komwe kulibe ng'ona, ndipo musayerekeze kulowamo madzi atadzaza. Pezani malo owongoka, muyeze mamita 10. Ponyani chitsononkho kumtunda, wina awerenge masekondi pa foni mpaka chifike kumapeto. Tinene kuti chatenga masekondi 20, ndiye kuti madzi akuyenda theka la mita pa sekondi. Yezani m'lifupi, tinene mamita 4. Yezani kuya ndi ndodo m'malo angapo, mupeze pakatikati, tinene masentimita 25. Mukachulukitsa zitatuzi mupeza malita 500 pa sekondi. Chotsaniko gawo limodzi mwa magawo asanu, chifukwa madzi apansi amayenda pang'onopang'ono kuposa apamwamba. Atsala malita 400, madiramu awiri pa sekondi. Chitani zimenezi malo omwewo, kamodzi pa mwezi, kuyambira Meyi mpaka mvula itagwa, muzilemba m'kope limodzi ndi kujambula chithunzi. Muzivundukulanso miyala khumi n'kulemba zamoyo zimene mwapeza, kenako muibwezeretse mmene inalili. Pakatha zaka zitatu, kope limenelo lidzalankhula mokweza kuposa aliyense wa ife.

Chachiwiri, tetezani gombe. Kubzala mitengo tsiku limodzi n'kujambulitsa kuti tiike pa Facebook, zimenezo tonse timatha. Ntchito ndi kuthirira, kulambula njira yotchinga moto, ndi kuingitsa mbuzi. Bwino mitengo 50 imene mudzaiwerenge ili moyo chaka chamawa, kusiyana ndi 1,000 ya pa chithunzi. M'mphepete mwa madzi bzalani yachilengedwe monga mkuyu, katope ndi mbawa, pamodzi ndi nsungwi ndi udzu wa vetiva. Bulugamu ayi, amamwa madzi kwambiri. Ndipo musanakumbe dzenje ndi limodzi lomwe, kambiranani ndi amfumu ndi eni minda, chifukwa gombe limene mukufuna kutetezalo ndi dimba la munthu.

Chachitatu, phunzirani kufunsa. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti polojekiti yaikulu iunikidwe kaye mmene ikhudzire anthu ndi chilengedwe, ndipo anthu a m'deralo amvedwe. Msonkhano wotere ukaitanidwa, musasiyire madala okha. Pitani, khalani kutsogolo, funsani mwaulemu. Mu Okutobala mudzasiya madzi ochuluka bwanji mumtsinje, ndipo adzayeza ndani? Kodi midzi yoyandikana ndi makina idzalandira magetsi, kapena tidzangoona mawaya akudutsa pamwamba pa madenga athu? Ndalama zingati zidzabwerera kukasamalira nkhalango kumene madziwo akuchokera? Achinyamata a kuno mudzawaphunzitsa kuyendetsa makina, kapena ntchito yathu idzathera pa kusenza miyala? Mafunso amenewa si chipongwe. Ndi mafunso a eni mtsinje.

Ndipo inu atsikana, pa nkhani imeneyi musakhale kumbuyo. Ndinu amene mumayamba kudziwa kuti kasupe waphwa, chifukwa mtunda wokatunga ukatalika umatalikira inu. Masamu ndawerengera apawa alibe mwamuna kapena mkazi. Mainjiniya a madzi amene dziko lino likuwasowa akhoza kuchokera m'chipinda chino.

Akuluakulu anati mtsinje wa tinkanena unathera mu siizi. Okutobala akubwera. A wapampando, musanatseke msonkhano uno, ndikupempha kuti musankhe kamtsinje, musankhe tsiku, ndi anthu anayi oyamba. Tepi yoyezera ndibwereka ine kusukulu. Chitsononkho ndiye musandiuze kuti mulibe.

Amene muli ndi mafunso, ndilipo.